Chizungu Chophunzira ndi Kathabwa M'khosi

 Amayi amene mukuyanika usipa pathandala, sendezani wailesiyo pafupi. Nkhani ya lero ndi ya kusukulu, koma ikutikhudza ngakhale ife amene yunifolomu tinavula kalekale.

Ndani mwa inu anavalapo kathabwa m'khosi chifukwa choyankhula Chichewa pasukulu? Amene munadutsa m'sukulu zathuzi, kaya zaboma, zamishoni kapena zapulayiveti, mukudziwa chimene ndikunena. Kwina kamakhala kathabwa komangirira chingwe, kwina chikatoni cholembedwa mawu onyoza, kwina saka loboola pakati loti uvale ngati malaya, kwinanso fupa kapena chigoba cha nkhono. Kumene kunalibe chovala kunali monitala ndi kope lake: tsamba ili mayina a olongolola, tsamba ilo mayina a oyankhula vernacular. Liwu limeneli ambiri a ife tinalidziwa tisanathe n'komwe kulemba kalata ya Chingerezi, ndipo tinalidziwa ngati dzina la mlandu. Nthawi yoweruka ikakwana, kapena m'mawa mwake pa asembule, olembedwa aja ankaitanidwa kutsogolo sukulu yonse ikuona. Kenako chikwakwa m'manja kukatchetcha bwalo la mpira, kapena khasu kukakumba dzenje la zinyalala, anzako ali m'kalasi kuphunzira Chingerezi chomwecho chimene akukulangira kuti sukuchidziwa.

Taonani mmene kathabwaka kamagwirira ntchito, pakuti amene anakaganiza sanali wopusa. Mphunzitsi safunika kukhalapo. Amene wavala ndiye wasanduka wapolisi, chifukwa kuti kamuchoke ayenera kugwira mnzake. Ndiye amazembera kuseri kwa zimbudzi, pamjigo, pamene atsikana akusewera fulaye, khutu lili tcheru. Wochenjera amakuponda dala chala kuti ukuwe kuti "mayo ine!", basi wakugwira, kathabwa kasamuka. Mwana amaphunzira kukayikira mnzake wapamtima, ndipo choposa pamenepo amaphunzira kutseka pakamwa. Wa sitandade 6 amene Chingerezi chake ndi mawu owerengeka, mukamuletsa Chichewa ndiye kuti mwamulanda pakamwa ponse. Amangokhala duu tsiku lathunthu. Masamu sakumva, safunsa. M'mimba mukupota, sanena. Makolo athu anati safunsa anadya phula, koma ife tinakhazikitsa lamulo loti wofunsa m'chiyankhulo chimene akuchidziwa alangidwe.

Wina anena kuti zimenezo n'zakale. Kathabwa mwina kanachepa, inde, koma lamulo lake likadalipo. Mukalowa pageti la sukulu zambiri, makamaka zapulayiveti, mupeza chikwangwani chokhomedwa pamtengo wa mango cholamula kuti pano ndi Chingerezi chokhachokha. Kwina wogwidwa amalipira ndalama, kwina amakolopa kalasi. Ndipo tisanamizane, makolo ambiri zimenezi timazikonda. Timati sukulu imeneyo ndiye ndi sukulu, fizi yathu sikupita pachabe.

Nzeru imeneyi sinayambire kuno. Ku Wales, m'dziko la Britain momwemo, m'zaka za m'ma 1800 ana oyankhula Chiwelishi ankavekedwa kathabwa kotchedwa Welsh Not, ndipo amene kamuthera tsiku kali m'khosi ankakwapulidwa. M'maiko amene ankalamulidwa ndi France, monga Senegal, kunali chinthu chotere chotchedwa symbole. Ku Kenya, mlembi Ngũgĩ wa Thiong'o anasimba m'buku lake la mu 1986, Decolonising the Mind, za batani limene ana ankapatsirana akamvana akuyankhula Chikikuyu. Malo otalikirana, azungu osiyana, koma kachitidwe kamodzi.

Dziko limene ndikufuna tiime nalo pang'ono ndi Korea. Ambiri timalidziwa ndi mafoni a Samsung, magalimoto a Hyundai ndi Kia, kapena chipatala cha Daeyang Luke ku Lilongwe chimene chinatsegulidwa mu 2008. Kuyambira 1910 mpaka 1945 Korea inali m'manja mwa Japan. Kuyambira 1938 Chikoreya chinayamba kukankhidwira kunja kwa sukulu, ndipo mu 1940 anthu anakakamizidwa kutenga mayina a Chijapani. Amene anali ana asukulu masiku amenewo anadzasimba za timakadi: mwana aliyense amapatsidwa tingapo, ukayankhula Chikoreya mnzako amene wakumva akulanda kamodzi, tikakuthera ulandira chilango. Mu 1942 apolisi a Japan anamanga akatswiri a bungwe la Korean Language Society amene ankalemba dikishonale ya chiyankhulo chawo. Awiri mwa iwo, Yi Yun-jae ndi Han Jing, anafera m'ndende. Mapepala awo anadzapezeka mu 1945 m'nyumba yosungiramo katundu pa siteshoni ya sitima ku Seoul, ndipo dikishonale ija inamalizidwa Ajapani atachoka. Mkoreya wa lero akamva za timakadi, amati zimenezo ndi nkhanza za atsamunda. Kwathu kuno atsamunda anapita mu 1964, koma timatabwa tinapitiriza kusema tokha.

Musaganize kuti Akoreya ndiye anathana nawo manyazi a chiyankhulo. Ayi ndithu. Lero chimene chimawasowetsa tulo ndi Chingerezi chomwechi. Ku South Korea, kuyambira 1997 mwana amayamba Chingerezi m'kalasi lachitatu la pulayimale. Akaweruka amapita ku masukulu olipira a madzulo otchedwa hagwon, mpaka boma la mzinda wa Seoul linachita kuika lamulo loti azitseka pofika 10 koloko usiku. Alipo mabanja amene bambo amatsala yekha ku Korea akugwira ntchito, mayi ndi ana atawatumiza ku America, Canada kapena New Zealand kuti anawo akatole Chingerezi, n'kumaonana kamodzi kapena kawiri pachaka. Mayeso awo olowera kuyunivesite, Suneung, amalembedwa tsiku limodzi mu Novembala, ndipo ikafika nthawi ya mayeso omvetsera Chingerezi, ndege sizinyamuka kapena kutera kwa mphindi zoposa 30 kuti phokoso lisasokoneze ana. Dziko lonse kuima chifukwa cha Chingerezi! Komabe mukakumana ndi Mkoreya amene anakhoza bwino mayeso amenewo n'kumufunsa njira m'Chingerezi, si zachilendo kumuona akutuluka thukuta. Mantha amenewa iwo anachita kuwapatsa dzina ngati nthenda, amati ndi mseru wa Chingerezi. Galamala ali nayo yodzaza mutu, koma kuopa kulakwa pamaso pa anthu kwamanga lilime.

Pali nkhani ina imene Akoreya amaikumbukirabe. Mu Januwale 2008, Lee Myung-bak atangosankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko, komiti yokonzekera boma lake inabwera ndi maganizo oti Chingerezi chilowe mwamphamvu m'sukulu, mpaka maphunziro ena aziphunzitsidwa m'Chingerezi. Wapampando wa komitiyo, mayi Lee Kyung-sook, amenenso anali mkulu wa yunivesite ya Sookmyung, anapereka chitsanzo choti ku America atatchula dzina la lalanje m'Chingerezi cha katchulidwe ka kwawo, anthu sanawamve. Anthu anawaseka dziko lonse, manyuzipepala anawanyogodola, ndipo posakhalitsa maganizo aja anabwezedwa. Mayi wophunzira chotero, kunja sanamveke chifukwa cha lilime la kwawo, kwawo anasekedwa chifukwa chofuna kuwongola lilimelo. Ife zimenezi timazidziwa bwino: ukaphotchola Chizungu akuseka, ukachiyankhula bwino kwambiri akuti ukudzimva.

Ndipo chimene chimapunthwitsa Mkoreya n'chomwe chimatipunthwitsa ife. M'Chikoreya l ndi r zimalembedwa ndi chilembo chimodzi. M'Chichewa timalemba zonse ziwiri, koma khutu lathu limazimva ngati chinthu chimodzi, n'chifukwa chake kunena kuti "kulila" kapena "kulira" sikusintha tanthauzo. Iwo alibe f ndi v. Ife phatikizo lathu lililonse limathera ndi lembo la liwu, n'chifukwa chake tili ndi sukulu, buku, basi ndi sitolo, ndipo nawonso amalowetsa malembo a liwu m'mawu obwereka. Ndiye mtsikana wa ku Liwaladzi akasokoneza l ndi r powerenga pamaso pa anzake, sikuti mutu wake ndi wouma. Khutu lake lakhala zaka khumi likumva mawu m'njira ina, ndipo likufunika kuzolowetsedwa mobwerezabwereza. Kalasi likaphulika ndi phwete, mphunzitsi naye n'kusekerera, kuzolowetsa kuja kwathera pomwepo. Mawa sakwezanso mkono.

Kusiyana kwathu ndi Akoreya kuli apa. Mwana wa ku Seoul amaphunzira masamu, sayansi, mbiri ndi malamulo m'Chikoreya, pogwiritsa ntchito zilembo zawozawo za Hangul zimene zinapangidwa mu 1443 mu ulamuliro wa Mfumu Sejong, ndipo pa 9 Okutobala chaka chilichonse dziko limapuma kukondwerera zilembozo. Nyumba yawo ya malamulo ndi makhoti amayendera Chikoreya. Chingerezi chikamuvuta, chamuvuta phunziro limodzi. Mwina chidzamuvutitsa pofuna ntchito kukampani yaikulu, koma fizikisi amaimva. Mwana wa ku Lozi kapena ku Mpamantha Chingerezi chikamuvuta, zonse zamuvuta. Kuyambira sitandade 5 maphunziro onse kupatula Chichewa ali m'Chingerezi. Mayeso a sitandade 8 ndi momwemo. Pa fomu 4, kaya masamu ndi bayoloje wakhoza bwanji, Chingerezi akalephera satifiketi ya MSCE palibe. M'mayunivesite aboma amafuna makirediti asanu ndi imodzi, Chingerezi chili pomwepo. N'chifukwa chake sindikunena kuti Chingerezi tichitaye. Amene angakuuzeni zimenezo ana ake omwe ali kusukulu ya Chingerezi chokhachokha. Ndikunena kuti poti chitseko ndi chimodzi chomwechi, tisamaopseze ana pakhomo pake.

Zinafika bwanji pamenepa? Amishoni a UMCA atakhazikika kuno ku Nkhotakota mu 1894, sukulu zawo za m'midzi zinkayamba ndi Chinyanja. Archdeacon William Percival Johnson anatha zaka zambiri akumasulira Baibulo m'Chinyanja cha m'mbali mwa nyanja ino. Chingerezi chinali cha ochepa opitirira, odzakhala aphunzitsi, akalaliki a kwa DC ndi otanthauzira kukhoti. Mabanja ambiri a Chisilamu, amene kuno kwa Malengachanzi ndi ochuluka kuyambira nthawi ya ma Jumbe, ankaopa kutumiza ana kumishoni poopa kuti akawatembenuza, ndipo mwayi wa Chingerezi unawadutsa kwa zaka zambiri. Chingerezi chinasanduka chizindikiro cha amene ali pafupi ndi boma ndi malipiro a pamwezi.

Ufulu utabwera chizindikirocho chinakula. Dr Hastings Kamuzu Banda, amene chipani chake cha MCP chinachititsa msonkhano wake waukulu wa mu 1960 konkuno ku Nkhotakota, ankayankhula pamisonkhano m'Chingerezi, wina n'kumatanthauzira. Mu 1968 Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko, Chingerezi cha boma, Chitumbuka n'kuchotsedwa pawailesi. Pa chisankho cha 1978 ofuna kukhala aphungu ankayenera kukhoza mayeso a Chingerezi. Mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, pamsewu wathu womwewu wa M18 wodutsa m'nkhalango popita ku Kasungu, kumene ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki kwa aphunzitsi ochokera ku Ulaya, koma Chichewa osachiphunzira. Mphunzitsi wamkulu wa kasukulu ka kumudzi akaona chitsanzo chimenecho, alibe Chilatini, alibe laibulale, chimene akanatha kutengera n'chiyani? Lamulo loletsa Chichewa, chifukwa limenelo ndi laulere.

Matipate atabwera tangokhalira kupita uku ndi uku. Mu 1994 sukulu zapulayimale zinakhala zaulere, ana anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapite kukoleji ya uphunzitsi. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro unalamula kuti sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha m'dera lawo, koma mabuku a Chitonga kapena Chiyao sanabwere mokwanira. Lamulo la zamaphunziro la 2013 linati chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mu 2014 nduna ya nthawi imeneyo, a Lucius Kanyumba, analengeza kuti ziyambira sitandade 1. Pitani nokha mukaime pawindo la sitandade 1 mumve chimene chikuyankhulidwa. Mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 pamaso pake, ena atakhala pansi pa mtengo, amayankhula chimene anawo angamve, ndipo akuchita bwino. Kafukufuku wa SACMEQ wa mu 2007, woyesa kuwerenga kwa ana a sitandade 6 m'maiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa, anatiika pamunsi penipeni pamodzi ndi anansi athu a ku Zambia. Nthawi imeneyo lamulo la vernacular linalipo kale m'sukulu zathu. Likanakhala kuti limaphunzitsa Chingerezi, bwenzi titaona zipatso zake.

Chondidabwitsa n'chakuti ife anthu a kunyanja timadziwa bwino mmene chiyankhulo chimalowera m'mutu. Pitani padoko lililonse m'mawa maboti akukocheza. Mumva Chichewa, Chitonga cha alovi ochokera kwa Kanyenda ndi ku Nkhata Bay, Chiyao cha ogula nsomba, Chitumbuka, mwinanso Chiswahili. Mnyamata wokoka nawo chilimira miyezi yochepa chabe amakhala akutsutsana mtengo m'Chitonga, palibe anamuveka saka. Ana athu ambiri akaweruka kusukulu amapita kumadrasa kukaphunzira kuwerenga Chiarabu, chimene chimalembedwa kuyambira kumanja. Kumunda wa nzimbe ku Dwangwa kuli anthu a mitundu yonse ya m'Malawi muno, ndipo ana a m'makomboni amakula ndi ziyankhulo ziwiri kapena zitatu. Agogo athu amene anapita ku Wenela anabwera ndi Fanakalo, anyamata a lero amapita ku Joni n'kubwera ndi Chizulu. Onsewa anayamba ndi kuphotchola, ena n'kuwaseka, inde, koma kunali kuseka kwa anzako kumene kumatha ndi kukuuza mawu oyenera. Ndipo chiyankhulocho ankachimva tsiku lonse kuchokera kwa eni ake. Mwana wa sukulu Chingerezi amachimva kuti? Kwa mphunzitsi mmodzi, kwa mphindi zowerengeka, buku limodzi akulimbirana anthu asanu. Tikumulanga chifukwa chosatulutsa chimene sitinamuthiremo.

Kuno kunyanja palinso china chimene a kumtunda sachiganizira. Sukulu yathu ili ndi mpikisano ndi nyanja. Mnyamata wa zaka 14 amene anabwereza makalasi, ndevu zayamba kumera, mukamuimika pa asembule atavala saka tiana ta sitandade 3 tikumuseka, iye ali ndi kwina kopita. Mamita ochepa kuchokera pasukulu pali doko kumene amamulemekeza chifukwa amatha kupalasa bwato pa mwera, amadziwa kusoka ukonde, ndipo madzulo amabwera ndi ndalama m'thumba. Kumeneko palibe amamufunsa za past tense. Tikamakhala m'misonkhano kudandaula kuti anyamata akuthawira kunyanja, timatchula umphawi ndi kukonda ndalama, ndipo n'zoona. Koma tizifunsanso chimene chinachitika tsiku lomaliza limene mnyamatayo anapita kusukulu. Kwa mtsikana amene wangotha msinkhu, amene kale thupi lake likumuchititsa manyazi, kuimikidwa kutsogolo kwa anyamata ndi chikatoni pachifuwa ndi chilango chimene ena sabwerera nacho. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma pano amene akutseka unawo ndife.

Aphunzitsi, ndikudziwa ena mwakwiya kale. Mukuti, "Bambo inu mukuyankhula muli mu studio. Ife MANEB ikatulutsa zotsatira, a PEA amabwera kwa ife, makolo amaloza ife. Mwana kunyumba samva Chingerezi, kumsika samva, kutchalitchi ndi kumzikiti samva. Tikapanda kumukakamiza pasukulu, adzachiyankhulira kuti?" Funso lanu ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Ndikuvomereza kuti mwana ayenera kukhala ndi nthawi ndi malo oyankhula Chingerezi, ngakhale tsiku lathunthu pa sabata. Pamene tikusiyana ndi pa chimene chimachitika akalakwa kapena akabwerera ku Chichewa. Mwana wa kuno amaphunzira kusambira pomwa madzi kangapo m'mbali mosaya, akulu ali pafupi. Mukamamukwapula nthawi iliyonse watsamwa, adzangosiya kulowa m'madzi. Ndiponso, aphunzitsi anga, ambiri a inu munadutsa m'kathabwa komweka. Dzifunseni moona mtima ngati Chingerezi chimene muli nacho lero chinachokera ku kathabwako, kapena kwa mphunzitsi wina amene anakubwerekani buku, kapena ku wailesi imene bambo anu ankatsegula madzulo.

Zimene zimathandiza si zachilendo. Pulogalamu ya Tikwere itayamba kumveka pa MBC, ana a makalasi oyambirira ankaimba ndi kuyankha wailesi onse pamodzi, ndipo wolakwitsa ankabisala m'gulu mpaka atazolowera. Ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga imene inayamba mu 2016 m'sitandade 1 mpaka 4 imaphunzitsa mwana kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi, chifukwa amene wadziwa kulumikiza zilembo m'chiyankhulo chake savutika kusamutsira lusolo ku china. Kusekondale, mipikisano ya zisudzo ya ATEM yatulutsa anyamata ndi atsikana oyankhula Chingerezi molimba mtima pamaso pa khamu, chifukwa pamenepo pamakhala kuwomba m'manja. Kalabu ya mtsutso safuna ndalama. Nyuzipepala yakale imene tikukulungira zitumbuwa ikhoza kuyamba yawerengedwa m'kalasi. Ndipo mwana akafunsa funso la sayansi m'Chichewa, muyankheni, kenako mumuuze mmene akanafunsira m'Chingerezi, abwereze. Watuluka ndi sayansi ndi chiganizo chimodzi chatsopano.

Ndisanaiwale, malamulo aakulu a dziko lino ali ndi mawu pa nkhaniyi. Gawo 19 limateteza ulemu wa munthu aliyense ndipo limaletsa chilango chonyazitsa. Gawo 26 limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chimene wasankha. Mwana wa sitandade 6 naye ndi munthu. Komatu malamulo omwewo, pa gawo 51, amati wofuna kukhala phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali m'zokambirana za Nyumba ya Malamulo. Tsidya lina la nyanja yomweyi, ku Tanzania, aphungu amatsutsana za bajeti m'Chiswahili, ndipo mayi wogulitsa nsomba ku Mbamba Bay amamva zimene phungu wake wanena.

Apa ndiye pafika pa ife akuluakulu. Kathabwa kaja sitinakataye, tinangokasamutsira pafoni. Phungu akapunthwa powerenga mawu ake m'Nyumba ya Malamulo, dzuwa lisanalowe kakanema kazungulira magulu onse a WhatsApp, Facebook ndi TikTok. Palibe amafunsa kuti amanena za chiyani. Mwina amanena za mlatho umene unakokoloka kapena mankhwala amene asowa kuchipatala, koma ife tagwira l ndi r. Wosewera mpira wagoletsa zigoli ziwiri, mtolankhani n'kumutchera maikolofoni m'Chingerezi, mawa dziko lonse likuseka Chizungu chake, zigoli zaiwalika. Zotsatira zake timaziona: aphungu ena amatha zaka zisanu ali phee pampando, ena amangowerenga zimene awalembera. Pamsonkhano wa chitukuko kwa DC, mfumu imene ikudziwa bwino malire a dambo lililonse imakhala chete chifukwa a mabungwe ayamba ndi Chingerezi. Mayi kubanki amasaina fomu ya ngongole imene sanaimve, poopa kuoneka mbuli akafunsa. Manyazi amenewa amadya ndalama zenizeni ndi minda yeniyeni. Ndipo amene timaseka kwambiri pa Facebook, mukaona mmene talembera ndemanga yosekayo, Chingerezi chathu nachonso n'chopempha thandizo. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tipume kaye ndi nyimbo. Tikabwerako lamya zikhala zotsegula, ndipo ndikufuna ayambe ndi aphunzitsi ndi a komiti za sukulu. Pasukulu panu lamulo loletsa Chichewa kapena Chitonga lilipo? Analikhazikitsa ndani, ndipo makolo anakambiranapo pamsonkhano wa PTA? Wogwidwa amatani naye? Chonde musatchule dzina la sukulu kapena la mphunzitsi, tikufuna nkhani, osati milandu. Pambuyo pa aphunzitsi tidzamva inu amene munasiya sukulu n'kupita kunyanja. Amene mulibe mayunitsi ingoflashani, tikuimbirani ndife.